Madzi, dzuwa ndi chiswe: kumanga nyumba yamakono kumudzi motsata malo ake

Mukamayenda mumsewu wa Great East kum'mawa kwa Zambia kuchokera ku Nyimba, kudutsa Petauke, Sinda ndi Katete mpaka ku Chipata, mumaona nyumba zatsopano zikumera m'midzi. Zambiri pulani yake ndi imodzi, yotengedwa m'tauni: denga lamalata lothera pakhoma penipeni, mawindo akuluakulu agalasi oyang'ana kumsewu, simenti paliponse. Chaka choyamba zimakongola ndithu. Pofika chaka chachitatu kapena chachinayi pakona pachita mng'alu, penti wa m'munsi mwa khoma wayamba kusupuka ndi chinyontho, ndipo mu Okutobala eni ake akuyala mphasa panja chifukwa m'nyumba simukugoneka. Wotukwanidwa amakhala mmisiri. Komatu kawirikawiri cholakwika chidachitika mmisiriyo asanagwire njerwa, tsiku lokhoma zikhomo, pamene panalibe wofunsa kuti madzi a mvula amadzera pati, dzuwa lamadzulo limamenya mbali iti, ndipo pansipo pali dothi lanji.

Chigawo chino cha kum'mawa chili pawiri. Kumtunda, ku Chipata, Chadiza, Katete ndi Lundazi, nthaka idakwera mamita opitirira 1,000 kuchokera panyanja yamchere. Masana kumatentha koma usiku kumazizira, ndipo mu Juni ndi Julayi munthu amafuna bulangeti lachiwiri. Mukatsikira ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa cha ku Mambwe ndi Mfuwe, mwatsika pafupifupi theka la msinkhu umenewo, ndipo mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Mvula ya ku Chipata ndi pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, koma yonseyo imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, nthawi zambiri yamkuntho. Miyezi yotsalayo ndi ya fumbi, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa ndi moto wa m'tchire. Pulani yoyenera ku Chadiza siingakhale yomweyo yoyenera ku Mfuwe.

Za umwini wa malo tingodutsapo. Malo ambiri a kumudzi ali m'manja mwa mafumu, ndipo nkhani imayambira kwa nyakwawa kenako kwa mfumu yaikulu. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo otere asinthidwe kukhala a lizi ya zaka 99 ngati mfumu ndi khonsolo avomereza. Amene akufuna kuthira ndalama zambiri pa nyumba akonze zimenezi njerwa zisanaumbidwe, ndipo malire aonetsedwe pamaso pa oyandikana nawo.

Kumene madzi amadzera

Malo omangapo amaonedwa mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ikugwa. Mu Seputembala malo onse amaoneka ouma ndi abwino. Imani pamalopo mvula yamphamvu itangokata, muone pamene madzi ayenda, pamene asiya mchenga ndi zinyalala, ndi pamene aima. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa limene mwalikwirira ndi dothi kuti pakhale posalala, madzi adzalipezanso pansi pa chipinda chochezera. M'mphepete mwa dambo musamangemo ngakhale pakuoneka pokongola bwanji. Madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba m'dzinja, usiku kumazizira monyowa, ndipo udzudzu ndi wosayamba. Pamwamba penipeni pa phiri pali vuto lina: mphepo, mphenzi, ndi madzi akutali. Malo abwino ndi pakatikati, pamene nthaka yapendekera pang'ono.

Kumbani maenje awiri kapena atatu akuya mita imodzi mpaka mita ndi theka pamene nyumba idzakhale. Katondo wofiira wolimba, kapena dothi losakanikirana ndi timiyala, amanyamula nyumba bwino. Mchenga wokhawokha umafuna maziko otambalala. Choopsa ndi makande, dothi lakuda lija lomata m'dzinja ndi kung'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe, limene ndi lofala m'madambo ndi m'chigwa cha Luangwa. Makande amafufuma akamwa madzi, n'kunyala akauma. M'mbali mwa nyumba mumanyowa ndi kuuma chaka chilichonse pamene pakati pake sipasintha, ndiye makona amakwera ndi kutsika mpaka khoma kuthyoka mopingasa kuchokera pakona pa windo. Ngati makandewo ndi osapitirira mita, achotseni onse mpaka mufike pa dothi lolimba, mubwezeretsepo timiyala tosakaniza ndi dothi labwino, motsendera. Ngati ndi akuya, pamafunika silabu yazitsulo yonyamula nyumba yonse pamodzi, ndipo apa mpofunika injiniya weniweni, osati kungoyerekeza.

Kupendekera kwa malo kumayezedwa ndi paipi yapulasitiki yoonekera mkati, yodzaza madzi, ndi ndodo ziwiri. Ngati pa mamita 10 nthaka yatsika mita imodzi, nyumba yotambalala mamita 8 idzasiyana masentimita 80 pakati pa khoma lakumtunda ndi lakumunsi. Mukaigoneka motsata kutsetsereka, nyumba yotalika mamita 15 idzasiyana mita ndi theka, ndipo njerwa zokwirira pansi zokha zikudyerani ndalama ya chipinda chathunthu. N'chifukwa chake mbali yaitali ya nyumba iyenera kugona mopingasa phiri.

Cholakwika chofala m'mapiri ozungulira Chipata ndi ichi: anthu amakumba kumtunda, dothilo n'kulithira kumunsi kuti pakhale polingana, kenako n'kumanga theka la nyumba pa nthaka yachilengedwe, theka lina pa dothi lothira. Dothi lothira limatitimira kwa zaka zingapo, ndipo nyumba imang'ambika pakati, pamalire a madothi awiriwo. Maziko onse ayenera kufika pa nthaka yosakumbidwapo. Pamalo otsetsereka maziko amakumbidwa ngati masitepe, sitepe iliyonse yolingana ndi mizere iwiri kapena itatu ya njerwa, konkire ya sitepe yapamwamba ikulowerera pa yapansi.

Kumtunda kwa nyumba, mamita atatu mpaka asanu kuchokera pakhoma, kumbani ngalande yopingasa yotambalala ndi kuya pafupifupi theka la mita. Ikhale yotsika pang'onopang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse. Ikatsetsereka kwambiri madzi amathamanga n'kuikumba kukhala chigwembe, ikakhala yopanda kutsika imadzaza mchenga n'kusefukira kunyumba. M'munsi mwake bzalani mzere wa udzu wa vetiva mothithikana. Madziwo muwatsogolere ku dzenje la nthochi kapena kumunda, kutali ndi maziko, ndipo musawalozetse pabwalo la mnansi wakumunsi, chifukwa milandu yambiri ya kwa nyakwawa m'dzinja imayambira pamenepo. Mapiri ambiri a kuno adametedwa ndi makala ndi nkhuni, choncho madzi amatsika mwaliwiro kuposa kale. Ngalande yokwanira zaka 30 zapitazo lero ingachepe.

Maziko enieniwo, pa dothi labwino, ngalande yake ndi yotambalala masentimita 60 ndipo imakumbidwa mpaka pikisi ayambe kuvutika, kawirikawiri masentimita 60 kapena kupitirira. Konkire yake ndi ndowa imodzi ya simenti, zitatu za mchenga, zisanu ndi imodzi za miyala, yokhuthala masentimita 20. Muyeso ukhale ndowa imodzimodzi. Kuyeza ndi fosholo ndiko kumabera simenti, pakuti fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula zambiri kuposa ya simenti. Mchenga wa m'dambo wokhala ndi matope umafooketsa konkire. Ufinyeni m'manja, ukasiya dzanja lakuda ndiye kuti ukufunika kutsuka. Pansi pa nyumba pakwere masentimita osachepera 30 kuchokera pabwalo, ndipo dothi lodzazira mkati lithiridwe masentimita 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi, kutsendera, kenako lina. Pulasitiki wakuda wokhuthala ayalidwe pansi pa silabu komanso pakati pa maziko ndi mzere woyamba wa khoma. Amene amadumpha pulasitikiyu kuti apulumutse ndalama zochepa amadzalipira ndi penti chaka ndi chaka.

Dzuwa ndi mphepo

Chipata ili pafupifupi madigiri 13 ndi theka kum'mwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati. Chifukwa cha zimenezi, mu Juni dzuwa lamasana limapendekera kumpoto ndipo limakwera madigiri 53 okha. Chakumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale limadutsa paliwombo penipeni, ndipo mu Disembala limapendekera pang'ono kum'mwera. Izi ndi mwayi kwa womanga. Denga likatuluka masentimita 60 kupitirira khoma lakumpoto, mu Juni mthunzi wake umatsika masentimita 80 okha, ndiye dzuwa limalowa m'munsi mwa windo n'kufunditsa chipinda nthawi yozizira. Mu Okutobala khoma lomwelo lonse limakhala pamthunzi masana. Khoma lakum'mwera nalo silivuta.

Ovuta ndi makoma a kum'mawa ndi kumadzulo, makamaka lakumadzulo. Kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa, dzuwa limabwera cham'mbali, ndipo mlomo wa denga sungalitchinge. Khoma limamwa kutentha konseko n'kumakutulutsira m'kati usiku, ngati mafuwa amene amaotchabe moto utazima kale. Chipinda chogona chimene chili kumadzulo, chokhala ndi windo lalikulu lagalasi, ndicho chimathamangitsira anthu panja mu Okutobala. Choncho nyumba italike kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti makoma aafupi ndiwo ayang'ane mbali zimenezo. Kumadzulo kuikidwe chipinda chosungiramo katundu, bafa kapena khonde lotambalala mamita awiri, ndipo windo likhale laling'ono.

Nanga phiri likapendekera kum'mawa kapena kumadzulo, moti kugoneka nyumba mopingasa kukutsutsana ndi dzuwa? Pamenepo madzi ndi nthaka ndizo zipambane. Dzuwa mungalitchinge pambuyo pake ndi khonde, mitengo kapena mpanda wa nsungwi woyangapo mpesa. Maziko olakwika simungawakonze ndi mtengo. Chimodzimodzi ndi msewu: ambiri amafuna nyumba iyang'ane kumsewu kuti odutsa aione. Khomo lolowera lingayang'ane kumsewu bwinobwino popanda kutembenuza nyumba yonse.

Mphepo imalowa m'chipinda pokhapokha ili ndi potulukira. Pulani ya m'tauni ya zipinda mbali zonse ziwiri ndi kanjira kamdima pakati imatseka mphepo. Nyumba yopyapyala, ya chipinda chimodzi m'lifupi ndi khonde kutsogolo, imalola kuti chipinda chilichonse chikhale ndi mawindo pa makoma awiri oyang'anana. Ngati kanjira n'kosapeweka, siyani mpata pamwamba pa zitseko zamkati. Kuchokera pansi kufika ku siling'i pakhale mamita 2.7 mpaka 3, ndipo chakumwamba kwa makoma kukhale timabowo totulutsira mpweya wotentha. Koma bowo lililonse, makamaka mpata wa pakati pa khoma ndi denga, litchingidwe ndi waya wa udzudzu. Udzudzu wa malungo umakonda kulowera pampata umenewo, potsata fungo la anthu ogona. Kuutseka ndi matope kumaletsa udzudzu koma kumatsekeranso kutentha m'nyumba, pamene waya amachita zonse ziwiri bwino. Ku Malambo nkhani ya mphepoyi ndiyo yaikulu kuposa zina zonse: mawindo aakulu oyang'anana, denga lalitali, khonde kuzungulira.

Makoma

Njerwa zootcha anthu amazikhulupirira, koma uvuni umadya mitengo yambiri, ndipo mitengoyo ndi yomweyo imene imagwira madzi kuphiri. Komanso njerwa za m'mbali mwa uvuni sizipsa bwino, ndipo zimasungunuka zikanyowa. Mabuloko a simenti amamangika msanga koma opyapyala amalowetsa kutentha. Zidina ndi mdindo ndi zotsika mtengo, zimasunga nyumba yozizira masana ndi yofunda usiku, ndipo zimakhala zaka zambiri ngati zili pamaziko okwera ndi pansi pa denga lotuluka bwino. Zimene zimagwetsa khoma ladothi ndi madzi othothoka padenga n'kuthovukira m'munsi mwake. Pakati pa zonsezi pali njerwa zadothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja, zosaotcha.

Njerwa zimenezi zimalimba kapena kufooka malinga ndi dothi, ndiye liyesedwe kaye. Chotsani dothi lakuda lapamwamba lokhala ndi mizu, limenelo ndi la kumunda. Tengani lapansi, mudzaze gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo loonekera, muthire madzi ndi kamchere pang'ono, mukhutchumule kwambiri, muliike pansi. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, matope osalala patapita ola kapena awiri, dongo tsiku lotsatira. Dothi labwino ndi limene mchenga wachuluka kuposa theka, dongo lili pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100. Dongo likachuluka njerwa imang'ambika pouma, likachepa imanyenyeka. Dothi la pachulu, limene ambiri amalithamangira, nthawi zambiri dongo lake ndi lochuluka ndipo limafuna kuthiramo mchenga.

Dothi lisefedwe, lisakanizidwe ndi simenti lili louma mpaka mtundu ukhale umodzi, ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 15 mpaka 20 za dothi, kenako madzi pang'onopang'ono. Chinyontho choyenera mumachidziwa pofumbata mpira wadothi n'kuugwetsa kuchokera m'chiuno: ukasweka zidutswa zinayi kapena zisanu ndiye kuti zili bwino, ukaphwanyika kukhala fumbi madzi achepa, ukangophwatalala madzi achuluka. Musasakanize zambiri zoti sizitha mu ola limodzi, chifukwa simenti imayamba kugwira. Pamene ambiri amaphonya ndi pambuyo pake: amayanika njerwazi padzuwa ngati zidina. Simenti imalimba ndi chinyontho. Njerwa zifunditsidwe ndi pulasitiki pamthunzi, kuwazidwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, ndipo zisamangidwe masiku 28 asanakwane.

Khoma ladothi lisapakidwe pulasitala wa simenti yambiri. Simenti ndi dothi sizifufuma mofanana, ndiye pulasitala amalekana ndi khoma, madzi n'kulowa pamng'alu n'kutsekeredwa kuseri, ndipo chiswe chimadutsa m'menemo osaoneka. Njereza yosakaniza ndi mchenga, kapena kuzira ndi dothi labwino, kumalola khoma kupuma. Mizere itatu kapena inayi yoyambirira, imene madzi amathovukirapo, ikhale ya miyala kapena njerwa zopsa bwino. Miyala m'mapiri a kuno ndi yosasowa.

Pamwamba pa mawindo ndi zitseko, kuzungulira nyumba yonse ndi makoma amkati omwe, padutse linta imodzi ya konkire yazitsulo yosadukiza. Linta zoduladula za pawindo pokha sizimanga nyumba pamodzi. Chigwa cha Luangwa ndi mng'alu wa dziko, ndipo kwa anansi athu ku Malawi zivomezi zidagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Koma ngakhale popanda chivomezi, linta yozungulirayi ndiyo imagwira makona ndipo ndi pomangirira denga.

Denga

Mvula zoyamba za Novembala zimabwera ndi mphepo yamkuntho, ndipo chaka chilichonse madenga a nyumba, masukulu ndi matchalitchi amasasuka. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga imalikokera kumwamba, makamaka m'makona ndi m'mphepete, ndipo ikalowa pawindo imalikankhanso kuchokera pansi. Miyala ndi matayala osanjika padenga ndi chizindikiro choti dengalo silidamangiriridwe. Phaso lililonse limangidwe ndi waya wokhuthala mamilimita 4 kapena chitsulo chopyapyala chokulunga, chimene chidakwiriridwa mu linta pothira konkire, osati chokhomedwa pambuyo pake mu njerwa yapamwamba. Misomali kapena masikuluwu azikhomedwa pamsana pa lata, ndipo m'mphepete ndi pamwamba pa denga akhale othithikana kawiri kuposa pakati. Denga la mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Khonde lalikulu likhale ndi denga lakelake lolumikizidwa m'munsi mwa denga lalikulu, nsanamira zake zitamangiriridwa pansi, kuti likanyamulidwa lisatenge nyumba yonse.

Malata a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32, nambala ikakula lata limapyapyala. Mtundu woyera kapena wowala umabweza dzuwa, pamene malata akuda ndi obiriwira modera amene ali m'fashoni amamwa kutentha. Malata opanda siling'i amaotcha masana, amadontha mame m'mawa mwa Juni, ndipo mvula ikamagwa simumvana. Siling'i siyenera kukhala yogula kusitolo. Mphasa za bango kapena nsungwi zong'amba zimagwira ntchito, bola pakati pa siling'i ndi malata pazidutsa mphepo, ndipo mipata yake ikhale ndi waya woletsa mileme ndi makoswe.

Udzu umaposa malata pa kuzizira, ndipo suyenera kunyozedwa. Umafuna denga lotsetsereka madigiri 45, udzu wopesa bwino wokhuthala masentimita 15 mpaka 20, ndi wofolera wodziwa ntchito. Denga likagona kwambiri udzu umasunga madzi n'kuola m'zaka zochepa. Kuipa kwake ndi moto, komanso madzi ake sakhala oyera. Kwa ambiri njira yabwino ndi malata panyumba yogona, udzu pachisakasa chochezera masana.

Chiswe sichitha ndi mankhwala okha. Zitsa ndi mizu yonse ichotsedwe pamalo omangapo, matabwa otsala pothira konkire asakwiriridwe, ndipo thabwa lililonse lisakhudze dothi. Nsanamira za khonde ziime pa chitsulo kapena pa konkire yokwera. M'munsi mwa khoma, kuzungulira nyumba, musaunjike nkhuni kapena kubzala maluwa, kuti njira yadothi ya chiswe ioneke ikangoyamba kukwera. Matabwa a paini ndi mitengo ya bulugamu zikhale zolowetsedwa mankhwala kufakitale. Oyilo wakutha wa galimoto amathandiza pang'ono chabe chifukwa salowa mkati.

Madzi a padenga, chimbudzi ndi bwalo

Milimita imodzi ya mvula pa sikweyamita imodzi ya denga ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweyamita 100 ku Chipata lingapereke malita pafupifupi 80,000 pachaka, mutachotsa otayika. Vuto ndi posungira. Banja la anthu 6, aliyense malita 20 patsiku, limafuna malita opitirira 21,000 kuti lidutse miyezi 6 yachilimwe. Thanki ya malita 5,000 imatha m'masiku 41 ikagwiritsidwa ntchito pa zonse, ndipo padenga lotere imadzaza ndi mvula imodzi ya mamilimita pafupifupi 60. Koma ikasungidwira kumwa ndi kuphika kokha, malita 5 munthu aliyense, imafika miyezi isanu ndi theka. Ndiye thanki isawerengedwe ngati yolowa m'malo mwa chitsime. Thanki yodzaza ya malita 5,000 imalemera matani 5, choncho ikhale pa silabu yolingana, pamthunzi, yovundikira. Madzi a mvula zoyamba, otsuka fumbi ndi zitosi za padenga, atayidwe, ndipo madzi osefukira thanki ikadzaza akhale ndi paipi yowapititsa kutali ndi maziko. Madzi akumwa aziphitsidwabe kapena kuthiridwa klorini.

Chitsime kapena mjigo ukhale kumtunda kwa chimbudzi ndi khola, pamtunda wa mamita osachepera 30. Kuyambira mu 2018 mijigo imayenera kulembetsedwa ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi. Pansi pa dzenje la chimbudzi pasafike pamene madzi a pansi amakwera m'dzinja, pasiyane mita ndi theka kapena awiri. Pa dothi lamchenga dzenje limangidwe ndi njerwa zosiya mipata, apo ayi limagumuka mu Febuluwale. Chimbudzi chosanunkha chimafuna paipi ya mamilimita 110 yotuluka theka la mita pamwamba pa denga lake, yokhala ndi waya pamwamba, ndipo mkati mukhale mwamdima pang'ono kuti ntchentche zikwere mupaipi potsata kuwala n'kufera pawayapo. Popeza mphepo yambiri imachokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, chimbudzi, khola ndi kitchini ya nkhuni zikhale chakumadzulo kwa nyumba kuti utsi ndi fungo zizipita kutchire.

Moyo wa kumudzi umachitikira panja, ndipo pulani yoiwala zimenezi ndi yoperewera. Pamafunika poyanika chimanga ndi nsawawa, pokhala nkhokwe, pophikira nsima ya anthu ambiri pa maliro kapena ukwati, polowera ngolo. Kitchini yamkati ya matailosi imakhala yongoonetsa alendo ngati kunja kulibe pophikira penipeni. Ndi bwino kumanga kitchini yakunja yolumikizidwa ndi khonde, yokhala ndi mbaula yamatope yosunga nkhuni ndi chumuni. Ku Malambo, kumene njovu zimalowa m'midzi, nkhokwe yoluka ndi mitengo ya mango pafupi ndi chipinda chogona zimaitana alendo osafunika usiku.

Mitengo imene mwaipeza pamalopo musaigwetse yonse pokonza malo. Sankhani ya kumadzulo ndi kum'mawa muisiye. Mkuyu, bulugamu ndi nsungwi zikhale kutali ndi maziko ndi mapaipi, ndipo pa makande mtengo utalikirane ndi nyumba mofanana ndi msinkhu umene udzafike ukakula, chifukwa mizu imayamwa madzi mbali imodzi n'kutitimiritsa kona. Msangu uli ndi khalidwe lothandiza: umakhala ndi masamba m'chilimwe, n'kuyoyola m'dzinja, ndiye umapereka mthunzi nthawi yotentha. Kumalire bzalani gliricidia, mtengo umene akatswiri adauyesa kwa zaka zambiri ku Msekera pafupi ndi Chipata, wopereka nkhuni ndi chonde. Pofika Julayi lambulani udzu mamita angapo kuzungulira mudzi, anyamata osaka mbewa asanayambe kutentha tchire.

Za magetsi, chilala cha 2024 chidatsitsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo ngakhale olumikizidwa ku ZESCO, kampani ya boma ya magetsi, adakhala mumdima maola ambiri patsiku. Sola iwerengedwe kuyambira pa pulani. Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekera pafupifupi madigiri 15, pamene mthunzi wa mtengo sufika, ndipo nyumba yotalika kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo imakhala kale ndi denga loyang'ana kumeneko. Mababu 6 a mawati 5 oyaka maola 5, mafoni, TV ndi firiji yaing'ono zimadya pafupifupi mawati-ola 1,300 patsiku, zimene panelo ya mawati 400 ingakwanitse patsiku ladzuwa, koma pa masiku a mitambo a Januwale pamafunika yachiwiri. Batire ya asidi ikamatsitsidwa kupitirira theka tsiku lililonse imafa msanga. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limachepetsa mphamvu, ndiye mapanelo akhale pofikika kuti azitsukidwa.

Ntchito yonseyi imayenda ndi nyengo. Malo aonedwe m'dzinja, ngalande yakumtunda ikumbidwe mvula isanathe kuti muone ngati ikugwira ntchito. Miyala ndi mchenga zitutidwe mu Epulo ndi Meyi mitsinje itaphwa pang'ono, njerwa ziumbidwe kuyambira Meyi mpaka Julayi madzi akadalipo m'zitsime ndipo dzuwa lisanakwiye, chifukwa njerwa ndi konkire zouma mwachangu mu Okutobala zimang'ambika. Ngati ndalama sizikukwana nyumba yonse, ndi bwino kumaliza zipinda ziwiri mpaka denga, pulani itasiya mbali yodzawonjezera, kusiyana n'kukweza makoma a zipinda zisanu ndi chimodzi n'kuwasiya pamvula. Makoma adothi amene afika Novembala opanda denga afunditsidwe pamwamba ndi pulasitiki wotsendera ndi njerwa, ndipo maenje onse okumbamo dothi pafupi ndi nyumba akwiriridwe mvula isanayambe, asanasanduke zithaphwi za udzudzu ndi misampha ya ana.